Mapazi pa Matabwa a Lufeyo

Iyi musavomere kuti "tili tonse", chifukwa si nthano ya ana. Inachitika kwa Mphanda, kuseri kwa phiri la Nkhoma, m'nyumba ya malata ya a Nachanza, chaka chimene mvula inachedwa mpaka mango kuthera mumtengo.

A Nachanza anali atagwidwa ndi matenda ofa ziwalo. Mbali yonse ya kumanja inafa, lilime nalo linalemera, mawu awo n'kungotsala kubuula. Wowasamala anali mwana wawo Dailesi, mwana mmodzi yekhayo, monga mmene mudzi wonse unkadziwira. Pabedi a Nachanza ankagwa, choncho ankagona pamphasa, ndipo simenti inawadya. M'chiuno ndi m'zigongono munatuluka zilonda, chifukwa usana wonse ankadzikhwekhwereza kulunjika pangodya ina ya chipindacho. Dailesi akawabweza pakati, iwo ankabwerera komweko.

Pangodyapo panali kadzenje. Osati dzenje lenileni ayi, koma malo aakulu ngati chikhatho pamene simenti sinafike, dothi lili poyera. Dailesi anakula akuona mayi ake akutsanulira timadzi pamenepo m'mawa uliwonse. Atafunsa ali mwana, anayankhidwa kuti, "N'kupha fumbi." Tsopano atadwala, ankagubuduzira kapu yawo pomwepo ndi dzanja lamoyo lija, Dailesi n'kumawakalipira: "Amayi, madziwa ndikutunga kutali ine, inu kumangotaya?"

Mwamuna wa Dailesi anali Lufeyo, mkamwini wochokera ku Kasungu. Tinene zoona, Lufeyo sanali munthu woipa. Malata a nyumbayo ndiye anawasenza pamutu kuchokera kumsewu, pamene adzukulu enieni a pamudzipo anali pa bawo. Zotere siziiwalika. Anakakhala zaka zinayi ku Joni akuthirira maluwa, ndipo pobwera anatsika basi ndi makatoni khumi ndi anayi a matabwa oyala pansi, otsala pamene abwana ake ankakonzetsa nyumba.

"Awa si matabwa a kwa kalipentala, mayi a Sungeni," anatero akumuonetsa limodzi. "Taonani m'mbalimu. Pamwambapa ndi mtengo weniweni, wopyapyala ngati chikhadabo. Pansipa ndi pulayiwudi wosanjikiza, n'chifukwa chake sapindika wamba. Apongozi akagona pamenepa, kuzizira kwatha, zilonda zatha."

"Nanga ukalipentala mwauphunzira liti? Paja munapitira maluwa inu."

"Ndinkawapatsira zida amisiri. Maso ndinali nawo. Njira zake n'zitatu. Ena amakhoma ndi misomali, koma pa simenti msomali sulowa. Ena amamata ndi guluu, koma guluu wake kuno simungamupeze. Ife tingoyala. Pansi pepala la pulasitiki loletsa chinyezi, kenako kasiponji, kenako matabwa. Lilime la ili limalowa mumphako ya linzake, kwa! Amangogwirana okhaokha."

Dailesi anasisita thabwalo, nakumbukira zilonda za mayi ake, navomera.

Poyamba makatoni anagona m'chipindamo masiku atatu, akuti matabwa azolowere mpweya wa kuno. A Nachanza anawasamutsira pabalaza, pakuti mkamwini sagwira ntchito apongozi ake ali chigonere pomwepo. Lufeyo anali wa mwambo. Chikwatirireni sanawayang'anepo kumaso, ndipo akafuna kuwauza kanthu ankauza mkazi wake, nkhope ili kukhoma.

Tsiku lachinayi anasesa, nayamba kusalaza simenti, chifukwa matabwawo safuna pokwera kapena potsika. Dzuwa lili pamutu, anaitana.

"Mayi a Sungeni, kadzenje aka ndi ka chiyani?"

"Omanga anaiwala. Tsekani."

Mawu atatu okha. Dailesi anawanena akutsuka mbale, osatembenuka n'komwe.

Lufeyo anakanda simenti pang'ono n'kutsekapo. Nthawi yomweyo pabalaza panamveka kulira kumene Dailesi anali asanakumvepo, ngati mbuzi imene yaona mpeni. A Nachanza ankamenya pansi ndi chikhatho, chala n'kumaloza, malovu akutsika. Lufeyo atatuluka anatembenukira kukhoma mwaulemu. Akanayang'ana, akanaona kumene chalacho chinkaloza. Dailesi anaganiza kuti akufuna phala.

Kunja nkhuku zinali zitasiya kufukula, zitaima chilili pansi pa nkhokwe.

M'mawa mwake ntchito inayamba. Thabwa loyamba linagona pangodya yomweyo, pamwamba pa chigamba cha simenti chija. M'mbali mwa khoma Lufeyo ankatsamiza tizidutswa ta thabwa, kuti patsale mpata wa chala.

"Mtengo umafufuma mvula ikayamba," anafotokoza. "Ukaupanikiza kukhoma, umatukuka pakati ngati mzere wa mbatata."

Ankasemphanitsa molumikizira monga amachitira ndi njerwa, n'kumagogoda pang'onopang'ono ndi kamtengo. Ntchito inali yokoma m'maso. Koma kutacha, tizidutswa tonse tija tinali titachoka m'mbali mwa khoma. Anatipeza titaunjikidwa pa thabwa loyamba. Anatibwezera. Tsiku lotsatira, chimodzimodzi.

Anaitana Sungeni, mwana wawo wa zaka zisanu. "Iwe, ndinati usalowe muno."

"Si ine, ababa. Ndi amayi."

"Amayi ako atani?"

"Anagwada apo, amakanda."

Dailesi anamukoka khutu chifukwa cha bodza. Mwanayo sanalire. Anangomuyang'ana modabwa, ngati wabodza ndi wamkuluyo.

Madzulo a tsiku lomaliza, Dailesi akutula ndowa yochokera ku mjigo, anapeza mwamuna wake ataima pakhonde, macheka ali m'manja.

"Mwatulukira pati?" anafunsa Lufeyo.

"Kutuluka kuti? Ndinali kumadzi ine."

"Musandiseweretse. Mwalowa m'chipindamu ndili chogwada, ndikukhoma sikatini, timatabwa ta m'munsi mwa khoma. Ndati mundipatsire macheka, simunayankhe. Mwadutsa kumbuyo kwanga mpaka pangodya."

"Munandiona?"

"Sindinacheuke. Koma mayendedwe anu ndingawasokoneze ine? Chidendene chakumanzere chija mumapondera mwamphamvu."

Anaseka onse awiri, kuseka kosafika m'mimba. Tsiku lomwelo mayi wina woyandikana nawo anamuimitsa Dailesi panjira. "Anzathu mwalemera eti, ndi matabwa a ku Joni? Dzulo masana tinakupatsani moni pansi pa mkuyu paja, munangotiyang'ana ngati zitsa. Milomo mbuu, ngati simunamwe sabata." Dailesi dzulo lakelo sanapite n'komwe kumkuyu.

A Nachanza anawabwezera m'chipinda chawo chatsopano, chosalala, chofunda, chonunkhira. Sanagone. Anadzikokera pangodya nayamba kukanda thabwa loyamba, kwe, kwe, kwe, mpaka zikhadabo kutuluka magazi. Ndipo apa m'pamene Dailesi anadzimvera yekha. Anali atakhala pansi akuwamanga zala, dzuwa lili pamutu, mudzi uli zii. Matabwa analira pakhomo. Analiranso pafupi. Phazi lopanda nsapato, limodzi lopepuka, lina lolemera kuchidendene. Mapaziwo anadutsa pambali pake, nakafika pangodya. Anaima. Anabwerera pakhomo. Anapitanso pangodya.

Simenti imasunga chinsinsi, anthu inu. Munthu atha kuyenda pa simenti zaka makumi atatu osamveka. Thabwa ndiye silidziwa kukhala chete.

A Nachanza sankayang'ana mwana wawo. Maso awo ankatsata m'mwamba pang'ono, uku ndi uku, misozi ikutsikira m'makutu.

Usiku womwewo Sungeni anayamba kubanika. Sichinali chifuwa, sanatenthe thupi. Mpweya unkangolowa pang'ono ngati wodutsa paudzu. Kutacha Lufeyo anamukweza panjinga mpaka kuchipatala. Adokotala anamvetsera kutsogolo ndi kumsana, nati m'mapapo simukumveka kanthu, koma anapereka mankhwala. Mankhwala anatha, kubanika osatha. Dailesi anati mwina ndi fungo la matabwa, nakagoneka mwanayo kunyumba ya mnzake. Kumeneko pansi m'pozira ndi dothi, sipanamveke phazi lililonse, koma mwana anafika potulutsa maso. Anabwera naye kunyumba. Anaitana a mpingo, anapemphera mpaka mawu kusasa. Nthiti za Sungeni zinkangolowa m'kati ngati pali chozikanikiza.

Tsiku lachisanu ndi chinayi chitsekereni kadzenje, Dailesi anaima pakhomo la pabalaza ndi kapu ya madzi. Mwanayo anali chagada pamphasa. Kansalu kamene anamufunditsa kanali kataphwatalala pachifuwa, kolowa m'kati mozungulira, monga amachitira pilo pamene pagona mutu. Sungeni, maso ali chitsinzinire, ananong'ona:

"Amayi, dzukani. Mukulemera."

Kapu inagwa. Dailesi sanatole n'komwe. Anathamanga wopanda nsapato kuwoloka dambo, kupita kwa munthu mmodzi yekha wotsala amene anawadziwa mayi ake ali mtsikana: mng'ono wawo, a Velina.

Awiriwa anali asanadyere mbale imodzi zaka khumi ndi chimodzi, chikanganirane za malire a dimba. A Nachanza atagwa, a Velina anatumiza nkhuku, ndipo Dailesi, potsata mkwiyo wa mayi ake, anaibweza. Nkhuku yobwezedwa imalira nthawi yaitali. Anawapeza akupeta pakhonde, ndipo sanadzutse mutu.

"Lero mwakumbuka kuti kutsidya kuno kuli anthu?"

Dailesi anagwada pafumbi. "Amayi aang'ono, ndinalakwa. Mundikalipire mawa. Mwana wanga akufa."

"Chipatala chili uko. Ine ndine dokotala?"

"Tapitako. M'nyumba mukuyenda munthu, amayi. Akuyenda ngati ine. Chiyambire pamene tinayala matabwa m'chipinda cha amayi, n'kutseka kadzenje kaja..."

Lichero linagwa, chimanga n'kumwazika. Nkhuku zinathamangira, a Velina osaziingitsa.

"Mwatseka? Ndani watseka?"

"Bambo a Sungeni. Koma ndinawauza ndine."

"Nthawi yanji?"

"Masana."

"Masana! Mayo ine! Masana amakhala atatuluka."

"Ndani?"

A Velina anayang'ana kumanzere ndi kumanja, natsitsa mawu. "Ndinalumbira kwa mayi ako kuti sindidzanena. Koma lumbiro silikwirira mwana. Iwe Dailesi, munabadwa awiri. Mnzako ndiye anayamba kutuluka. Anapuma kamodzi kokha. Mwambo unali woti amayi akuluakulu akamutaye kudambo, kopanda maliro, kopanda dzina. Mayi ako anakana. Anati mwana wanga sagona kwa afisi. Anawanamiza kuti ine ndapita naye kale, ndipo tinakumba awiriwiri m'kanyumba kake, pangodya. Pomanga nyumba ya njerwa pamalo omwewo, anamuimirira mmisiri mpaka anasiya pamenepo."

"Ndiye... wakhanda?"

"Anali wakhanda. Mayi ako ankamumwetsa m'mawa uliwonse. Chomwetsedwa chimakula."

Dailesi anagwira pakamwa. "Tamutsekera pansi."

"Pansi? Mukanamutsekera pansi bwenzi muli pamtendere. Mwamutsekera kunja, mwanawe. Masiku onsewa alibe pogona, alibe pomwa. Sakudana naye Sungeni. Koma munthu wotopa amatsamira chilichonse chofunda."

Anabwerera akuthamanga, a Velina akutsalira m'mbuyo ndi ndodo yawo. Kumwamba kunali kutada kwa nthawi yoyamba chaka chimenecho, mphepo ikuzunguza masamba. Pansi pa mkuyu Dailesi anaona ngati paima munthu wa msinkhu wake, wopenya kunyumba. Sanayang'anenso kachiwiri.

Milomo ya Sungeni inali itachita phulusa. Lufeyo anali atamugwira dzanja, akumuitana dzina mobwerezabwereza.

"Tsegulani kadzenje kaja! Msanga!"

"Kadzenje? Mwana akufa inu mukunena za..."

"Tsegulani, bambo a Sungeni! Ndikufotokozerani ali moyo!"

Lufeyo anaona nkhope ya mkazi wake, ndipo sanafunsenso. Analowa m'chipinda cha apongozi ake iwo ali momwemo, chinthu chimene anali asanachitepo. Koma matabwa ogwirana okhaokha ali ndi lamulo lake: lomaliza kuyala ndilo loyamba kuchoka. Thabwa la pangodya linali loyamba, lotsekeredwa ndi anzake onse. Anazula sikatini, nayamba kumasula kuchokera pakhomo, mzere umodzi, kuutukula, kuusolola, kuuika pambali bwinobwino kuti lilime lisathyoke. Mizere inalipo makumi awiri ndi itatu.

Pabalaza mpweya wa mwana unkamveka ngati kakhweru. Unalira. Unasiya. Unaliranso.

Mzere wachitatu. Mzere wachinayi.

Dailesi anatuluka, nabwera ndi nkhwangwa.

"Ayi, dikirani!" Lufeyo anagwira mpini. "Ndifika, mayi a Sungeni, ndifika! Mukatema apa sitidzapezanso ena. Zaka zinayi ine ndabwera ndi..."

Sanamalize. Onse awiri anali ataima chilili, atagwira mpini umodzi, ndipo pakati pawo ndi khoma matabwa analira. Phazi lopepuka. Phazi lolemera kuchidendene. Lufeyo anayang'ana mapazi a mkazi wake, ali phee pamalo amodzi. Kuyendako kunatuluka pakhomo, kulunjika pabalaza. Kakhweru kaja kanasiya.

Lufeyo analanda nkhwangwa. Anatema yekha, ndi manja omwewo amene ankagogoda pang'onopang'ono. Thabwa loyamba linang'ambika, lachiwiri n'kuthyoka pakati. Anang'amba siponji, anang'amba pulasitiki. Chigamba cha simenti anachiswa ndi chitsulo cha nkhwangwa yomweyo, zidutswa zikumulasa kumaso. Pansi panaoneka dothi, louma, lotuwa ngati phulusa la dzana.

A Velina anali atafika pakhomo, akupuma movutika. Anayang'ana mkulu wawo ali pamphasa, mkulu wawo nayenso anawayang'ana. Za dimba panalibe anazikumbuka.

"Thira iweyo," anauza Dailesi, akumupatsa chikho. "Umuitane."

"Dzina lake ndani?"

"Sanapatsidwe."

Dailesi anagwada. Madzi ena anatayikira pamatabwa. Anatsanulira pa dothi lija, ndipo linamwa nthawi yomweyo, osasiya ngakhale chinyezi. Anathiranso.

"Akulu anga," anatero. "Sindinadziwe. Ndinatseka ndine, si mwanayo. Pepani. Khomo lanu ndi ili, latseguka. Ndisiyireni mwana wanga, akulu anga, ndagwira mwendo wanu."

Zii. Ngakhale mphepo kunja inaleka.

Kenako pabalaza panamveka kukoka mpweya kwakukulu, ngati munthu wovuuka m'madzi, ndipo Sungeni analira. Kulira kwenikweni, kokweza, kwa mwana wokhala ndi mapapo. Lufeyo anafuna kuthamangira komweko, koma a Velina anamutchinga ndi ndodo, chifukwa pakhomo pa chipinda matabwa otsala aja anali atayamba kulira.

Mapaziwo analowa pang'onopang'ono, ngati a munthu wochokera ulendo wautali. Dailesi anasendera kuti apereke njira ya kukadzenje. Koma sanalunjike kumeneko. Anakhotera kumphasa ya a Nachanza, naima.

Dzanja lamoyo la mayiyo, la zala zomangidwa nsanza, linatukuka pang'ono, n'kukhala m'malere monga limakhalira dzanja limene wina waligwira. Nkhope yawo yopotoka ija inawongoka. Dailesi anali asanaione choncho chigwereni.

"Amayi?" anaitana. "Amayi!"

Matabwa analiranso. Koma tsopano anali mapazi a anthu awiri. Ena aja odziwika, olemera kuchidendene. Ena ochedwa, phazi limodzi likukhwekhwerezeka, a munthu amene sanayende chaka chathunthu. Anadutsa pamaso pa Dailesi, pafupi moti akanatambasula dzanja akanakhudza. Anafika pangodya. Ndipo sipanamvekenso kanthu.

Pamphasa dzanja lija linali litagwa. A Velina anapita, nagwada, natseka maso a mkulu wawo. Padenga madontho oyamba a mvula anayamba kugogoda malata.

Maliro atatha, Lufeyo anabwezera mizere inayi ija. Matabwa othyoka anawadula bwino, ndipo pangodyapo anasiya bowo la makona anayi, losalala m'mbali, dothi lili poyera. A Velina anapatsidwa nkhuku ziwiri, ndipo sanabweze. Sungeni anachira, osabanikanso. M'mawa uliwonse Dailesi amatsanulira pamenepo makapu awiri, ndipo masana dzuwa likafika pamutu, chitseko cha chipindacho amachisiya chotsegula.

Tsiku lina mvula ili pakati, Sungeni anamupeza atagwada ndi kapu.

"Amayi, mumathiriranji madzi pamenepo?"

Yankho linali kale pamilomo, lomwe lija analandira iye ali mwana. Dailesi analimeza.

"Khala pansi," anatero. "Ndikuuze za amayi ako aakulu."

Sungeni anakhala. Pambali pake, pamene panalibe munthu, thabwa linalira kamodzi, monga limachitira wina akakhala pansi kuti amve nawo.